Chilangizo cha pa Tabuleti ya Wezzie

Musavutike n'kundiyang'anitsitsa, ndine ndemwe. Mayi wa duku lobiriwira munamuona pa foni uja, akuvina atamanga chitenje m'chiuno, ndi ine Filomena wa kunsi kwa phiri la Kachebere. Mwaseka mwatha? Khalani pansi tsono ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa aliyense akungokamba za chiuno changa, za Wezzie palibe akukamba.

Kumphakati kwathu, kagulu ka Akatolika a m'dera lathu, ndakhala mlangizi zaka 19. Tilipo amayi asanu ndi mmodzi, ndipo wapampando wathu ndi mayi Anasi, munthu wosaseka ndi aliyense. Ntchito yathu ndi iyi: mtsikana akati akwatiwa mawa, lero timamutsekera m'nyumba, kutseka ndi mawindo omwe, n'kumuuza za banja zonse, zapabalaza ndi zakuchipinda. Zina timanena ndi pakamwa, zina ndi nyimbo, zina limaphunzitsa ndi thupi lenilenilo. Zonenedwa m'menemo zimathera momwemo. Malemu amuna anga anapita kumanda osadziwa nyimbo ngakhale imodzi ya m'chipinda chimenecho. Ine sukulu ndinalekera folomu ya kumunda, udindo wina ndilibe, koma ndikamadutsa panjira amayi ankasiya musi n'kundipatsa moni atagwada. Ulemu wanga wonse unali pa ulangizi basi.

Wezzie anabwera zaka zitatu zapitazo. Ndi namwino wa ku Rumphi amene anamutumiza pa kachipatala ka kwathu kuno, ndipo anachita lendi nyumba yoyandikana ndi yanga. Anafika ndi chikwama chimodzi, mbaula, ndi Chichewa chopindika choti anthu ankamufunsa dala mafunso kuti angomva mmene ayankhire. Ndinamutenga ngati mwana wobala ndekha. Atagwa ndi malungo ndinamuphikira phala sabata yathunthu. Ndinamudulira mbali ya dimba langa kuti adzale mpiru. Amuna a eni atayamba kuzungulirazungulira pakhomo pake, ndine ndinkawapirikitsa ndi pakamwa pangapa. Iye ankanditchula kuti mama, ine n'kumamva kukoma.

Chinthu chimodzi chimene anatiposa nacho tonse chinali tabuleti. Kwa amene simunaionepo, ndi chifoni chachikulu ngati buku la nyimbo la kwaya, choti nkhope ya munthu imaoneka yonse mpaka zipsera. Timafoni tathu tamabataniti n'tongoimbira. Ngakhale amene ali ndi mafoni apamwamba, akamaonera vidiyo amachita kugundana mitu. Koma tabuleti ija ankaitsamiritsa pa ndowa, amayi khumi n'kukhala pamkeka, onse n'kumaona bwinobwino.

Ndiye mudziwe kuti kwathu kuno nyumba iliyonse ili ndi mwana ku Joni. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, pakhonde pa Wezzie pankakhala mzere ngati pachigayo. Wina akufuna aone mdzukulu wobadwira kumeneko, wina akufuna atsimikize ngati n'zoona kuti mwana wake waonda. Akwaya ankaphunzirapo nyimbo zatsopano. Bambo wina nkhumba zake zitayamba kutsokomola anakhala pansi n'kuonera vidiyo ya mmene amazibayira jakisoni, ndipo zinachira zitatu mwa zisanu. Anthu ankabwera ndi mazira, nthochi, kambale ka mtedza, ndipo Wezzie sankabweza munthu. Mudzi wonse unkalumbirira pa tabuleti imeneyo.

Vuto linabwera ndi ukwati wa Caroline, mwana wa mlongo wanga Benedicto. Caroline amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo mabwana ake anamupatsa masiku owerengeka okha. Basi yake inali yoti ifika Lachisanu dzuwa litapendeka, ukwati Loweruka m'mawa. Tsiku la chilangizo panalibe. Ine azakhali ake enieni, mlangizi wa ana a eni zaka zonsezi, mwana wa mlongo wanga akalowe m'banja ali mbuli? Nsima inasiya kundikomera.

Ndinadandaulira Wezzie tikusenda chinangwa pakhonde panga.

“Aa, mama, zimenezo mukudwala nazo mutu?” anatero. “Timuimbira pa tabuleti. Inu kuno, iye uko, mukuonana maso ndi maso. Chasowa n'chiyani?”

Ndinapita nayo nkhaniyo kwa mayi Anasi. Anandimvetsera mpaka kumapeto akusankha nyemba, osadzutsa mutu.

“Chinthu chokhala ndi diso sichilowa m'chipinda chathu,” anatero. “Mwanayo abwere, tidzamulangiza ukwati utatha.”

“Ukwati ukangotha akubwerera Lolemba, amayi.”

“Ndiye akalangizidwa chaka chamawa. Ndanena.”

Ndinachoka ndikutukwanira mumtima. Ndinati awa ndi nsanje chabe, chifukwa mwanayo si wawo. Ndinapita kwa Consolata, mlangizi mnzanga amene amatsogolera kuomba m'manja ine ndikamavina. Anakana kawiri. Kachitatu ndinamugwira dzanja n'kumulumbirira kuti, “Zikatuluka udzandifunse ine. Wezzie ndi mwana wanga, ndimamudziwa mpaka m'mimba.” Mawu amenewo ndinanena ndi pakamwa pomwe pano.

Tinakumana Lachitatu masana m'nyumba mwanga, kutatsala masiku khumi kuti ukwati uchitike. Tinatseka chitseko ndi mawindo. Wezzie sanakwatiwe, sankayenera n'komwe kumva zimenezi, koma nanga tabuleti akanagwira ndani? Wezzie anaimba foni, Caroline anaoneka atakhala pabedi m'kachipinda kake, atafunda chitenje mwaulemu. Ndinangoti ndiyambe, nkhope yake inauma gwa, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka.

Kuno kumalire netiweki ili ndi khalidwe lakelake. Foni imatha kukhala ya ku Malawi m'mawa, pofika masana yatembenuka ya ku Zambia, eni ake osadziwa. Pakhonde pa Wezzie imagwirako mwa apo ndi apo, koma malo amene imagwira bwino pamudzi pathu ndi amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa sitolo, pamene amuna amasewerera bawo. Ndiye ndikalangizire mwana pachulu? Tinayesa kanayi. Caroline ankangoti kuoneka, kuti “Zakhali, sindikukumva—” n'kuumanso.

“Tingojambula vidiyo, mama,” anatero Wezzie. “Mulankhule zonse, ine ndimutumizira. Akaonera yekha kuchipinda kwake, mwinanso kubwereza pamene sanamve.”

Consolata anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali n'kumanga chitenje m'chiuno.

Zimene tinanena ndi kuchita masana amenewo sindikuuzani, ngakhale mwina enanu mukuzidziwa kale kuposa ine. Ndingoti sindinabise kalikonse. Mwana wa eni umamupatsa zokwanira, koma wako umakhuthula thumba lonse. Ndinaimba nyimbo zimene ndinalandira kwa azakhali anga, zina zoti ngakhale Consolata anali asanazimvepo. Ndinavina mpaka thukuta kutsikira m'miyendo. Zinatenga pafupifupi ola.

Titamaliza, Wezzie anakanikiza apa ndi apo, n'kupukusa mutu. Ati vidiyoyo yalemera, pa Watsapu siingadutse.

“Koma musadandaule. Ndikaiika pa intaneti, pamalo pokhoma. Zili ngati nyumba ya kiyi imodzi, mama. Kiyiyo ndimupatsa Caroline yekha. Wina aliyense ngakhale afunefune bwanji sangaipeze.”

Anapita pachulu paja, anakhalako mpaka dzuwa kufiira, n'kubwera akumwetulira kuti yapita. Ine ndinati, “Tsono ufufute ili m'katiyo, ndikuona.” Anafufutadi. Ndinaona ndi maso angawa kachithunzi kanga kakulowa m'kabini ka zinyalala n'kuzimiririka. Mtima unakhala pansi. M'mutu mwanga ndinkati kufufuta kuli ngati kutsuka mbale, ukatsuka yayera basi.

Ukwati unayenda bwino. Caroline anandikokera kuseri kwa nyumba ali ndi velo kumutu, n'kugwada pafumbi. “Zakhali, ndaonera katatu. Mulungu akudalitseni.” Ndinalira. Ndinati mayi Anasi akanadziwa akanachita manyazi ndi kuuma mtima kwawo.

Patatha masabata atatu ndinapita kumsika wa kuboma ndi thumba la mtedza wosenda. Ndangoyala, panabwera mayi wina wa ku Chipata, mwa aja amadzapikula mtedza kuno. Anatapa pang'ono, kutafuna, kenako n'kundiyang'ana kumaso. Anasiya kutafuna.

“Imwe amai! Ndimwe! Ndimwe muli pa vidiyo ija ya Anti Wezzie!”

Ndinati mwina wandifanizira ndi wina. Koma dzina la Wezzie analitenga kuti? Anatulutsa foni m'kamisolo n'kundiika pamphuno. Poyamba panaoneka Wezzie, atapaka milomo, atakhala pampando wanga wa ndalema umene anabwereka kuti wake wathyoka. Ankati, “Takulandirani pa tsamba la Anti Wezzie. Lero ndakubweretserani zinsinsi zimene amayi akumudzi amakubisirani.” Kenako panabwera chipinda changa, kalendala yanga ya Mtima Woyera pakhoma, Consolata akuomba m'manja, ndi ine.

“Onani apa,” anatero mayi uja akuloza manambala m'munsi. “Anthu 62 sauzande! Mwatiphunzitsa maningi, amai. Gawo lachiwiri lituluka liti?”

Ndinakhala pathumba la mtedza lija. Ndipo apo ndi pamene makutu anga anatseguka, n'kumva chimene chinkamveka kuyambira pamene ndinafika koma ine osachilabadira. Kutsidya kwa msewu, pamene amaima akabaza a njinga zamoto, amuna akuluakulu andevu zawo ankaimba nyimbo ya azakhali anga. Wina anaimirira pambali pa njinga yake akugwedeza chiuno, anzake akufa nazo kuseka. Nyimbo imene amuna anga anakhala nane zaka 26 osaimva! Mayo ine, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mtedza ndinausiya kwa mayi wogulitsa tomato, sindikudziwa n'komwe dzina lake, ndipo mpaka lero sindinaubwerere.

Wezzie ndinamupeza akuyanika zovala. Atandiona anadziwa, chifukwa anayamba kumwetulira ndisanalankhule.

“Iwe Wezzie, nyumba ya kiyi imodzi ija ndi imeneyi?”

“Mama, khalani kaye pansi.”

“Usanditchule mama! Ndakufunsa, kiyi uja unapatsa anthu angati?”

Anaika zovala m'beseni. Ati poyamba inalidi yokhoma. Ati ataionera yekha anaona kuti ndi maphunziro abwino kwambiri, oti n'kulakwa kuwatsekera munthu mmodzi. Ati atsikana ambiri m'matauni alibe azakhali, amalowa m'banja osadziwa kanthu, ena amabwera kuchipatala akulira. Ndinamusiya alankhule. Kenako zenizeni zinatuluka zokha.

“Tsamba langa ndaliyendetsa zaka ziwiri, mama. Ndimaikapo za katemera, za kadyedwe ka ana, anthu osapitirira 300. Vidiyo yanu tsiku limodzi lokha anthu 9 sauzande! Simukuona? Mwatchuka. Anthu akufunsa za inu mpaka ku Lusaka.”

“Unandifunsa?”

“Mukanakana.”

Anayankha choncho, mosaphethira n'komwe. Ankadziwa kuti ndikana, n'chifukwa chake sanafunse. Pamenepo ndiye panandipweteka kuposa akabaza aja. Akanati kiyi inagwa mwangozi, kapena wina anaba, ndikanamukhululukira tsiku lomwelo, chifukwa ndinkamukonda mwana ameneyu. Koma anakhala pansi, kuganiza, kubwereka mpando wanga, kupaka milomo. Masabata atatu onsewo ankabwera kwanga kudzadya nkhwani wotendera, akundiyang'ana m'maso, uku dziko lonse likundionera m'chiuno. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano. Anthu anatuluka m'nyumba zawo.

“Chabwino, ndichotsa,” anatero atakwiya, ngati wolakwiridwa ndi iyeyo. Anatenga tabuleti, kupita pachulu, kubwera. “Yachoka. Mwasangalala?”

Inachoka kuti? Mawa lake ndinamva kuti anyamata obena nyimbo pa sitolo za kuboma anali ataikopera kale, akuthirira anthu m'mamemori khadi pamodzi ndi nyimbo za kwaya. Ena anaiduladula, kutenga pamene ndikuvina pokha n'kuikapo nyimbo za m'mabala. Imeneyo mwina ndi imene munaona inuyo.

A Kefasi, amuna ake a Consolata, anaionera pabawo, anzawo atawapatsa foni kuti, “Taonani alamu.” Sanamenye munthu, sanakalipe. Anangomanga zovala zawo panjinga n'kubwerera kwawo ku Chiosya, kusiya munda wa fodya uli pa nazale. Consolata anabwera pakhomo panga n'kuima pabwalo, osalowa.

“Munati zikatuluka ndidzakufunseni,” anatero. “Ndabwera kudzafunsa.”

Anaima pamenepo kanthawi, n'kutembenuka.

Alangizi anandiitana Lachinayi, m'kalasi la katekisimu. Ndinavomera kulakwa kwanga konse, sindinabise. Koma ndinafunsa kuti, “Nanga Wezzie? Wandivula pagulu ndi iyeyo. Tipite tonse kwa akuluakulu ake, achoke pamudzi pano.”

Amayi aja anayang'anana. Wina anayamba kukonza duku lake.

“Wezzie ndi mlendo,” anatero mayi Anasi. “Sanalumbire kalikonse kwa ife. Mwambo sakuudziwa. Amene mumaudziwa ndinu, ndipo chitseko munatsegula ndinu, nditakukanizani.”

“Ndiye iyeyo azingoyenda choncho?”

“Za iyeyo si za gulu lino.”

Tanthauzo la mawu amenewo ndinaliona Lamulungu lotsatira. Titaweruka kutchalitchi ndinakhala pawindo langa n'kumayang'ana. Mzere pakhonde pa Wezzie unali pomwepo, mwinanso wautali kuposa kale. Wachitatu pamzerewo anali mayi Anasi, mazira anayi ali m'kambale, akudikira kuti aone mwana wawo wa ku Joni. Ndinawamva ndi makutu anga akuti, “Mwaswera bwanji, anamwino?” Tabuleti ndi imodzi pamudzi pano, pomwe alangizi tilipo asanu ndi mmodzi. Aliyense anawerenga yekha n'kuona woti angamutaye.

Alangizi anzangawo sanandiuze kuti andichotsa. Akanandiuza bola, ndikanalira kamodzi n'kutha. Ndiye mwezi wa Okutobala utafika, nditamva kuti Lachisanu kuli chilangizo cha Maggie, mwana wa kutsidya kwa dambo, ndinasamba, kuvala, n'kunyamuka ngati kale. Ndinati mwina mitima yazizira.

Pakhomo ndinapeza zachilendo. Mayi Anasi anaima pachitseko ndi lichero, mayi aliyense wolowa akuponyamo foni yake. Ena ankachita kuwapapasa m'chiuno. Nditafika ine ndinatulutsa kafoni kanga kamabatani n'kuikamo ndekha, ndisanauzidwe. Ndinati ndidutse. Mayi Anasi sanasunthe. Anandipatsa lichero lija m'manja.

“Mutisungire,” anatero.

“Ndilowe nalo?”

“Mafoni salowa.”

Ndinamva. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, lichero pamiyendo.

“Osati apo,” anatero. “Apo pamamveka. Pansi pa mango paja.”

Ndinapita pansi pa mtengo wa mango, kutsidya kwa bwalo, pafupi ndi khola la mbuzi. Chitseko chinatsekedwa, mawindo anatsekedwa. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Ndinakhala pamenepo ndi mafoni a anthu, ntchentche zikundizungulira, mawu akumveka patalipatali.

Patapita nthawi anayamba kuimba. Ndinatchera khutu. Amene ankatsogolera anali Tereza, wamng'ono pa tonse, amene ndinamulowetsa m'gulu ndine. Ndipo ankalakwitsa. Anayambira pakati, n'kudumpha mbali yonse ya mmene mkazi amakanira akakhala kuti sakupeza bwino m'thupi, mbali imene ine ndimati ndiyo yofunika kuposa zonse, chifukwa ndi imene imapulumutsa mtsikana kwa mwamuna wosamva. Ndinadikira kuti wina amukonze. Palibe anamukonza. Mwana wa eni akalowa m'banja mawa osauzidwa zimenezo.

Sindinaganize n'komwe. Ndinaika lichero pansi, kudutsa bwalo lija mothamanga, kukwera pakhonde. Ndinkangofuna ndigogode pawindo ndinene kuti bwererani, mwasiya pena.

Mapazi anga atangomveka pakhonde, wina anasuzumira pa mng'alu wa windo. Nyimbo inaduka pomwepo. M'manja munasiya kuombedwa. M'nyumba monse munangoti zii, ngati mmene timachitira tikamva kuti panja pakudutsa mwamuna.

Ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba. M'katimo munali amayi amene ndavina nawo zaka 19, ndipo panalibe ngakhale wotsokomola. Ankadikira kuti ndichoke.

Ndinatsika pakhonde n'kubwerera pansi pa mango. Nditangokhala pansi n'kunyamula lichero lija, anayambiranso kuimba, kuyambira pomwe analekera.